Mwanawe, usataye khasu chifukwa cha kamuvi

Usiku wa pa 3 Januwale 2024, mu holo ya Alexandra Palace mumzinda wa London, mnyamata wa zaka 16 anatsala ndi mapointi 112 kuti atsogole ndi zigawo zisanu kwa ziwiri pa ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse wa madatsi. Woyamba kukwanitsa zigawo zisanu ndi ziwiri ndiye amanyamula chikho. Kamuvi koyamba kanalowa m'kachipinda kamene 18 amawerengedwa katatu: 54, kutsala 58. Kachiwiri kanayenera kukagwa pa 18 wamba kuti patsale 40, koma kanakalowanso momwe muja. Kuchotsa 54 wina, kutsala 4. Mnyamatayo anaima kaye, kuwerenga bwinobwino, n'kuponya kachitatu pa dabulo ya 2, kachipinda kamene 2 amawerengedwa kawiri. Kanaphonya pang'onong'ono. Kuyambira pamenepo sanapambanenso chigawo. Luke Humphries anatenga zisanu zotsatizana n'kumaliza 7-4.

Mnyamatayo ndi Luke Littler wa ku Warrington, m'dziko la England. Ngakhale anagonja, anabwerera kwawo ndi £200,000 m'thumba, ndipo anthu pafupifupi 3.7 miliyoni ku Britain anaonera masewerowo pa kanema. Chitatha chaka, tsiku ngati lomwelo, anagonjetsa Michael van Gerwen wa ku Netherlands 7-3 n'kukhala katswiri wa dziko lonse wamng'ono kuposa onse amene anakhalako, asanakwanitse n'komwe zaka 18. Mphoto inali £500,000. Mu Januwale 2026 anateteza chikhocho, mphoto itakwera kufika £1 miliyoni.

Moto umene mwanayu anayatsa sunathere ku Ulaya. Kulikonse kumene kuli kanema kapena foni ya intaneti, mnyamata amene wagonjetsa madoda a pabala la kwawo Loweruka madzulo wayamba kudziona ali pansanja ku London, anthu 3,000 akuimba dzina lake. Mumumva akuti, "Madala, ine dzanja ndili nalo. Sukuluyi ikungonditayitsa nthawi." Wina wayamba kuyang'ana ntchito yake ya m'galaja ndi diso lonyansidwa. Kwa oterewa ndi kumene ndikulembera, komanso kwa makolo awo.

Ndinene poyamba kuti ine si wa gulu lija limati madatsi ndi masewero a zidakwa, ndipo mwana wabwino asawayandikire. Ayi. Ndi masewero aulemu, ofuna mutu wozizira, ndipo lero akudyetsa mabanja. Mwana amene ali ndi dzanja asabisidwe. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndikutsina: zimene ukuonera pa kanemazo ndi zokolola. Munda wake sakuonetsa.

M'mera mpoyamba. Littler anayamba kuponya ali ndi miyezi 18, pa kabolodi ka maginito kotsika mtengo kamene bambo ake anam'gulira. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anagoletsa 180 yake yoyamba, imene ndi nambala yaikulu koposa yopezeka ndi timivi titatu. Pa zaka 10 analowa sukulu ya madatsi ya St Helens Darts Academy, kumene akuluakulu odzipereka amaphunzitsa ana, ndipo posachedwa anam'sakaniza ndi anyamata omuposa zaka zambiri chifukwa anzake a msinkhu wake sankam'patsanso ntchito. Nthawi ya mliri wa Covid, anthu atatsekeredwa m'nyumba, iye ankaponya maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Pa zaka 13 anamaliza gemu ndi timivi tisanu ndi tinayi tokha, chinthu chimene akatswiri ena amakalamba asanachite pagulu. Pa zaka 15 anapambana mpikisano wa akuluakulu wa Welsh Open. Amene anamuona koyamba mu Disembala 2023 ankayesa wachita kugwa kumwamba, chikhalirecho mwanayo anali ataponya kwa zaka zoposa 14, makolo ake akumuyendetsa uku ndi uko kumipikisano ya ana.

Iye mwini amanena kuti masiku ano sayeserera nthawi yaitali. Mawu amenewo ngoopsa akagwa m'khutu la mlesi. Amene nkhokwe yake yadzaza akhoza kugona mpaka dzuwa litakwera, koma iwe amene sunagwire n'komwe mzere woyamba, padutsa khasu sipanama.

Tiyeni tiyandikire bolodilo tilione bwino, poti ambiri amaliona ali chapatali, botolo lili m'manja. Pakatikati pake pamakhala mamita 1.73 kuchokera pansi. Woponya amaima mamita 2.37 kuchokera pa bolodi. Kachipinda kamene aliyense amalimbira, komwe 20 amasanduka 60, m'lifupi mwake ndi mamilimita 8 okha, ngati kunenepa kwa pensulo. Amene anasanja manambalawo sanali munthu wachifundo: 20 anamuika pakati pa 1 ndi 5, kuti dzanja likangotsetsereka pang'ono ulangidwe pomwepo. Gemu imayambira pa 501 kutsika mpaka pa ziro, ndipo kamuvi kotsiriza kayenera kugwa pa mzere wakunja, pa dabulo, kapena pakatikati penipeni.

Apa ndi pamene mwana wothawa masamu amaonekera. Wosewera wodziwa amakonda kudzisiyira 32, osati chifukwa cha mwayi, koma chifukwa 32 imagawika pawiri kasanu. Ukaphonya dabulo ya 16 n'kugwera mkati, watsala ndi 16, ndipo dabulo ya 8 ili pafupi pomwepo, moyandikana. Ukaphonyanso, watsala ndi 8, mwayi ukadalipo. Amadziwanso kuti 170 ingathe kumalizidwa ndi timivi titatu, 60, 60 ndi 50, koma 169, 168, 166, 165, 163, 162 ndi 159 sizingatheke, choncho amayamba kuzizemba akadali kutali, cha m'ma 300. Zonsezi zimachitika m'mutu, m'kanthawi kochepa, khamu likuchita phokoso. Mwaona momwe 112 ija inasandukira 4 m'kuphethira kwa diso, munthu n'kuyenera kuyambiranso kuwerenga. Ndiye iwe ukuti usiye sukulu kuti ukhale katswiri wa masewero a kuchotsera ndi kuchulukitsa?

Chinanso, uleke kudziyesa ndi anthu a pabala lanu. Kugonjetsa amalume ako atamwa mabotolo asanu si umboni wa kanthu. Tenga kope, uzilemba avareji ya timivi titatu pa gemu iliyonse. Littler pa masewero ake oyamba ku Alexandra Palace anachita avareji yoposa 106. Akatswiri apamwamba amazungulira pa 100. Amene amalimbirana mwayi wolowa m'gulu la olipidwa amakhala cha m'ma 80 ndi 90, ndipo osati tsiku limodzi lokha la mwayi, koma mlungu wathunthu. Kope silinyengerera munthu. Likakuuza kuti uli pa 55, ulandire, ubwerere pamzere.

Tsopano khomo lenileni. Bungwe loyendetsa masewero a olipidwa, Professional Darts Corporation kapena PDC, lili ndi malo a anthu 128 okha. Aliyense wa iwo amakhala ndi khadi lotchedwa Tour Card. Njira yodziwika yolipezera ndi mayeso otchedwa Q-School, amene amachitika Januwale aliyense ku Milton Keynes ku England ndi ku Kalkar ku Germany. Kumafika anthu oposa 800, aliyense atalipira yekha ndalama yolowera, ulendo ndi malo ogona, ndipo aliyense ndi mfumu ya bolodi kwawo. Makhadi olimbirana amakhala pafupifupi 30. Ena onse amabwerera chimanjamanja. Olephera amaloledwa kusewera mipikisano ya gulu lachiwiri, Challenge Tour, ndipo achinyamata ali ndi yawo, Development Tour, kumene Littler anapezera khadi lake mu 2023 osadzera ku Q-School.

Khadilo likapezeka anthu kwanu adzavina, koma limagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Zikatha, ngati suli m'gulu la anthu 64 oyambirira pa mndandanda wa ndalama zimene mwapambana, amakulanda, ukayambirenso. Ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku siili pansanja ya magetsi ija. Ili m'maholo opanda oonera ku Wigan, ku Leicester, ku Hildesheim, mabolodi atandandalikidwa mzere, mipikisano yoposa 30 pachaka. Mumayamba anthu 128. Okwana 64 amene agonja pa masewero oyamba salandira ngakhale khobidi. Wakwera sitima, walipira hotela, waponya kwa mphindi 15, wakumana ndi van Gerwen tsiku limene wadzuka bwino, basi, kazipita. Mawa chimodzimodzi. Pali anthu amene amatha miyezi akuchita zimenezi, ndalama za m'nyumba zikungotuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi amenewa.

N'chifukwa chake ndikuti usataye khasu. Taonani anthu amene anafika pamwamba ndi kumene anachokera. Humphries, yemwe uja anagonjetsa Littler, ankakhoma madenga. Rob Cross anali mmisiri wa zamagetsi asanadzagonjetse Phil Taylor 7-2 pa 1 Januwale 2018 n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Gerwyn Price anali wosewera mpira wa rugby. Koma amene ndimam'chotsera chipewa ndi Jonny Clayton wa ku Wales. Mu 2021 anapambana mipikisano inayi ikuluikulu ya pa kanema, kuphatikizapo Premier League ya £250,000, koma anali akadali pa ntchito yake yomata pulasitala ku khonsolo ya Carmarthenshire. Anthu ankamuseka kuti munthu wa ndalama zotere akufunanji ndi matope a simenti. Iye sanafulumire. Kwa ine nzeru yake njoonekeratu: munthu amene akudziwa kuti ana adya ngakhale aphonye, dzanja lake silinjenjemera ngati la amene lendi ya nyumba yapachikika pa dabulo imodzi.

Ndikudziwa kuti wina andiyankha ndi mwambi womwe ndinam'phunzitsa ndekha, kuti mapanga awiri avumbwitsa. Zoona. Ikafika nthawi munthu ayenera kusankha, poti sungakhale ku Wigan Lolemba ndi Lachiwiri kwinaku abwana akukudikira. Koma mwambiwo umanena za mapanga awiri oti onse alipo. Iwe phanga lako lachiwirilo likadali m'maloto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Usiye ntchito pamene kope lako la ndalama lasonyeza, kwa chaka chathunthu, kuti madatsi akubweza zonse zimene akudya n'kutsalako zoposa malipiro ako. Zisanatero, ponya m'mawa usanapite kuntchito, ponya madzulo ukaweruka.

Ndipo ngati wina akufuna kukuthandiza ndi ndalama, umvetse kuti ndi chiyani. Phil Taylor, amene anadzakhala katswiri wa dziko lonse maulendo 16, ankagwira ntchito ya malipiro ochepa m'fakitale ya zoumbaumba ku Stoke-on-Trent. Eric Bristow, mfumu ya madatsi ya nthawi imeneyo, anaona dzanja lake n'kumupatsa £10,000 yoyendera mipikisano. Sinali mphatso. Inali ngongole, ndipo Bristow ankam'kalipira akagonja. Mu 1990 awiriwa anakumana pa ndime yotsiriza, wophunzira n'kugonjetsa mphunzitsi 6-1. Ngongole inabwezedwa. Lero othandiza amabwera ndi mapepala a mgwirizano, ena abwino, ena omanga munthu zaka zambiri. Usasayine chimene sunawerenge pamodzi ndi munthu wamkulu wodziwa malamulo. Safunsa anadya phula.

Komabe zonse ndanenazi si zimene zimandisowetsa tulo. Mwana amene wayesa n'kulephera amabwerera kwawo, amalira pang'ono, moyo n'kupitirira. Amene ndimamuopera ndi uja zamuyendera msanga.

Pa 1 Januwale 2008, m'holo yomweyo ya Alexandra Palace, panaima mnyamata wina wa zaka 21, Kirk Shepherd, amene anthu ambiri sankamudziwa. Anachita kulowa mumpikisano kudzera m'masewero odzigulira malo, n'kugwetsa zimphona mpaka kufika pa ndime yotsiriza, pomwe anagonja 7-2 kwa John Part wa ku Canada. Analandira £50,000. Manyuzipepala anati mfumu yamawa yapezeka. Sanadzafikenso pafupi ndi pamenepo. Patapita zaka iye mwini anavomera kuti ndalama ndi kutchuka zinam'zunguza mutu. Kenako anagwidwa ndi vuto limene oponya madatsi amaliopa kuposa mdani aliyense, lotchedwa dartitis: munthu waima pamzere, wakweza dzanja, waloza bwinobwino, koma zala zikukana kumasula kamuvi. Dzanja lilibe bala, vuto lili m'mutu. Mu 2022 Shepherd anabweza khadi lake.

Vuto limeneli silisankha. Bristow yemwe uja, atapambana chikho cha dziko lonse kasanu pakati pa 1980 ndi 1986, linam'gwira, ndipo sanapambanenso china. Nathan Aspinall, amene anapambana World Matchplay mu 2023, wanena poyera kuti analimbana nalo. Humphries nayenso anaulula kuti nkhawa inkam'gwira ali pansanja, mtima kugunda ngati afa, mpaka anaganizapo zosiya. Amene anachira ndi amene analankhula n'kufuna thandizo. Inu makolo, mwana akati mutu sukuyenda, musamuyankhe kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani yowawa koposa ndi ya Leighton Bennett. Littler asanamveke, mwana amene ankatchulidwa ku England anali ameneyu. Mu 2019, ali ndi zaka 13, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa achinyamata wa bungwe la BDO. Mu Januwale 2024, mwezi womwe Littler anagwedeza dziko, Bennett anapeza khadi lake ku Q-School ali ndi zaka 18. Khomo lija anthu 800 amalilirira linam'tsegukira. Chaka chisanathe, bungwe losunga mwambo pa masewerowa, Darts Regulation Authority, linam'peza wolakwa pa mlandu wokonza dala zotsatira za masewero anayi a mu 2023, pa mpikisano waung'ono umene anthu amabetcherapo pa intaneti. Anam'letsa kusewera kwa zaka zisanu ndi zitatu, mpaka 2032. Anyamata awiri, dziko limodzi, kusiyana kubadwa ndi chaka chimodzi chokha, onse a dzanja lodabwitsa. Wina akuwerenga mamiliyoni, wina akuwerenga zaka.

Sindikutchula mwanayu kuti timuseke. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikufuna uone momwe msamphawo umatcheredwera. Madatsi ndi masewero a munthu mmodzi. Pa mpira, wofuna kugula masewero ayenera kunyengerera anthu angapo. Apa akufunika iwe wekha, ndi kamuvi kamodzi koti kaphonye pa nthawi yake. Wobwera kudzakunyenga sabwera ndi nkhope ya chigawenga. Amakhala mnzako, amene wakugulirapo chakudya, amene akudziwa kuti mwezi uno zakuvuta. Amati, "Gemu imodzi yokha, aise, palibe adziwe." Koma makampani a juga amaona ndalama zikaunjikana modabwitsa pa masewero aang'ono, masewerowo amajambulidwa, ndipo foni imasunga zimene munalemberana. Ukangovomera kamodzi, wakhala kapolo wake, poti tsopano ali ndi chinsinsi chako. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndipo tisanamizane, juga yazinga masewerowa mbali zonse. Mpikisano waukulu wa ku London womwewo dzina lake limayamba ndi la kampani ya juga, Paddy Power. Littler anafika pa ndime yotsiriza ali pa msinkhu woti lamulo la kwawo silimulola kubetcha ngakhale kugula mowa, koma zikwangwani zomuzungulira zinali za kubetcha. Akuluakulu a masewerowa ali ndi mlandu wawo pamenepa. Kwathu kuno nakonso kubetcha kwalowa m'foni ya mwana aliyense. Lamulo langa kwa wosewera wachinyamata ndi lalifupi: usabetche pa madatsi, ako kapena a wina, ndipo wokuuza zogonja dala ukamunene tsiku lomwelo.

Za mowa sinditaya nthawi, poti mukuzidziwa. Masewerowa anakulira m'mabala a ku Britain, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri ankamwa ndi kusuta ali pansanja, mpaka makanema ambiri anawataya. Jocky Wilson wa ku Scotland, katswiri wa dziko lonse mu 1982 ndi 1989, anatsirizira moyo wake m'kanyumba kakang'ono kwawo ku Kirkcaldy, chuma chitatha, thanzi litawonongeka. Pali bodza limene limayenda pakati pa osewera, loti botolo limodzi kapena awiri amakhazika dzanja. Mwina lero. Chaka chamawa adzafunika anayi. Mwana wa zaka 16 anafika pa ndime yotsiriza ya dziko lonse akumwa madzi, ndiye bodzalo latha ntchito.

Tsono ife a kuno tili pati? Chodabwitsa n'chakuti bolodi limene akatswiriwa amaponyapo ndi la khonje, ndipo la kampani ya Winmau, limene PDC imagwiritsa ntchito, limapangidwa ku Kenya. Khonje ndi wa ku Africa, manja opanga bolodi ndi a ku Africa, koma oponya a ku Africa pansanja ija ngowerengeka. Devon Petersen wa ku Mitchells Plain, ku Cape Town, anachita kusamukira ku England, n'kupirira zaka zambiri asanapambane German Darts Championship mu 2020, munthu woyamba wa ku Africa kutenga chikho chotere cha PDC. Mu Disembala 2025 David Munyua, dotolo wa ziweto wa ku Murang'a ku Kenya, anakwera ndege kutuluka mu Africa koyamba, n'kukapezeka atatsalira 2-0 kwa Mike De Decker wa ku Belgium, amene anapambana World Grand Prix mu 2024. Anabweza n'kupambana 3-2, holo yonse ili chiimire. Onani bwino: dotolo wa ziweto. Sukulu anamaliza, ntchito ali nayo, ndipo kamuvi kanam'fikitsabe ku London.

Njira ilipo, koma kwa mwana wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete njotalika kuposa ya mwana wa ku Warrington. Uyo amakwera galimoto ya bambo ake kwa mphindi zochepa n'kupeza sukulu ya madatsi. Wathuyu afunika pasipoti, chitupa cholowera m'dziko la eni, tikiti ya ndege ndi ndalama zakunja, asanaponye ngakhale kamuvi kamodzi. Choncho asayambe ndi kulota Milton Keynes. Ayambe ndi kalabu yolembetsedwa, ligi ya m'dera, mpikisano wa dziko lake, kenako ya maiko oyandikana nawo, ndi masewero odzigulira malo a mu Africa monga amene Munyua anadzera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Amene ali kale ku Britain kapena ku South Africa ndi makolo awo ali pafupi ndi moto, asauwothere patali. Ku Britain kuli sukulu za ana za bungwe la Junior Darts Corporation, kumene mwana amaphunzira popanda fungo la mowa.

Ndisaiwale ana aakazi, poti ndakhala ndikuti mnyamata, mnyamata. Mzere woponyera ndi umodzi kwa onse. Fallon Sherrock anagonjetsa amuna awiri ku Alexandra Palace mu Disembala 2019. Beau Greaves wa ku Doncaster, amene nayenso analimbanapo ndi vuto lija la zala zokana kumasula, anagonjetsa Littler yemweyo 6-5 mu Okutobala 2025 pa mpikisano wa achinyamata. Ngati mtsikana wanu ali ndi dzanja, musamuuze kuti akatsuke mbale pamene mlongo wake akuyeserera.

Mawu anga otsala apite kwa anzanga akuluakulu, poti nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Cholakwa chathu chachikulu n'chakuti bolodi tinalipachika malo amodzi okha, m'bala. Mwana wofuna kuphunzira ayenera kudutsa pakati pa mabotolo, utsi ndi anthu obetcherana, kenako timadabwa akatengera zonse pamodzi. Bolodi silidya malo. Khoma limodzi, mamita atatu opanda chopinga ndi nyale yabwino, zakwana. Lingapachikidwe m'holo ya sukulu, ya mpingo, ya achinyamata, ngakhale pakhonde panyumba. Aphunzitsi a masamu akanadziwa chimene bolodi limachita ndi mutu wa mwana wa sitandade 5, bwenzi akulimbirana. Inu amene munaponyapo zaka zanu, perekani Loweruka limodzi m'mawa, muimirire kumbuyo kwa ana, muwawongole chigongono, muwaphunzitse kugwirana chanza akagonja. Amene anaphunzitsa Littler ku St Helens anali anthu wamba otere.

Ndipo inu makolo a mwana waluso, musamusandutse munda. Tsiku limene adzabwere ndi envulopu yoyamba, musayambe kuwerengera malata ndi feteleza pa dzanja lake. Mwana amene akuponyera banja lonse amalemedwa, ndipo wolemedwa ndi amene amamvera mnzake uja wa "gemu imodzi yokha". Dziwani amene akuyenda naye, amene akumulipirira ulendo, ndi chimene akufuna pobweza. Akapambana, muyamikireni, mawa m'mawa adzuke apite kusukulu. Akagonja, nsima yake ikhale yofanana ndi ya tsiku limene anapambana.

Iwe mwanawe, pita ukagule kope lija lero. Maliza sukulu, phunzira ntchito ya manja kapena ya muofesi, uziponya tsiku lililonse, ndipo avareji ikadzafika pamene ikufunika tidzakuperekeza tokha ku bwalo la ndege. Usaope kuti uchedwa. Q-School imakhalako Januwale aliyense. Salandira wosakwana zaka 16, koma sabweza munthu chifukwa choti wakula.